Tibzale Liti Nyemba Zoyanga?

Alimi anzathu, nyemba tonse timazidziwa. Kuno ku Milange palibe khomo limene silinaphikepo nyemba. Masamba ake ndi khwanya. Zitheba zake ndi ndiwo. Zikauma timadyera nsima mpaka dzinja. Zotsala timazikweza panjinga kupita nazo kumsika, ndipo ena amaoloka nazo mtsinje wa Muloza kukagulitsa pa Limbuli. Koma pali funso limene timafunsana chaka ndi chaka. Kodi nyemba zoyanga tizibzala mwezi uti m'dimba kapena m'kamunda ka ndiwo ka kuseri kwa nyumba?

Funso iri si laling'ono. Mbeu ya nyemba imadula. Taganizani za mayi amene wasunga mbale ziwiri za mbeu kuyambira m'masika. Ana analira ndiwo masiku ambiri, koma iye anakana kuziphika. Mayi ameneyu akaponya mbeu yake m'nthaka pa nthawi yolakwika, wataya ndiwo, wataya mbeu, wataya ndi thukuta limene anakhetsa pofuna mitengo yoyangirapo. Tsono tiyeni tiione bwino nkhaniyi.

Kuyanga ndi kusayanga

Nyemba ziri m'magulu awiri. Zina siziyanga. Zimalekezera m'mawondo, zimachita maluwa nthawi imodzi, ndipo zimauma patapita masiku 80 kapena 90 chibzalire. Zina ndizo zoyanga. Izi zimakwera mtengo mpaka mamita 2 kapena kupitirira. Zimachita maluwa pang'ono-pang'ono kuyambira m'munsi kukwera m'mwamba. Kuti ziume zimafuna masiku 100 mpaka 120. Ambiri a ife timadziwa Chimbamba. Ku Malawi kulinso Kanzama ndi Namajengo. Mbeu zimenezi zimaoloka malire monga momwe timaolokera ife, pamutu kapena panjinga.

Nyemba zoyanga zimachedwa, koma zimabweza. Pamalo pamodzi-modzi zikhoza kubereka kawiri kapena katatu kuposa zosayanga, chifukwa zimakula chokwera m'mwamba. Ku Rwanda, dziko la mapiri kumene minda iri ing'ono-ing'ono, alimi anayamba kubzala mitundu yatsopano ya nyemba zoyanga m'zaka za m'ma 1980, ndipo lero ndizo zimadzaza mapiri ambiri a kumeneko. Kamunda kathu ka ndiwo nakonso n'kakang'ono. Chotero nzeru imeneyi ikutikhudza.

Nyemba sizinachokere kuno. Kwao ndi ku Mexico ndi ku mapiri a Andes, ku America. Zinafika mu Africa pa zombo za amalonda zaka mazana anai kapena asanu zapitazo. Tikunena izi kuti tidziwe khalidwe lake. Nyemba ndi mbeu ya kumtunda kozizira bwino. Imakondwa pamene kutentha kuli pakati pa madigiri 15 ndi 25. Kukatentha kupitirira madigiri 30 pa nthawi ya maluwa, maluwawo amayoyoka osabereka. Mizu yake siipirira madzi. Ikakhala m'lowe masiku awiri okha, masamba amayamba chikasu ndipo mbeuyo imafota.

Tiwerengere masiku

Pali manambala awiri ofunika kuwasunga pamtima. Loyamba ndi 50. Lachiwiri ndi 110. Nyemba zoyanga zimayamba maluwa patapita masiku pafupi-fupi 50. Zimauma patapita masiku pafupi-fupi 110. Mitundu ina imafulumirako, ina imachedwerako, ndipo m'nyengo yozizira zonse zimayenda pang'ono-pang'ono. Komabe manambala awiriwa ndi okwanira kutitsogolera.

Tisanabzale, titenge kalendala. Tiike chala pa tsiku limene tikufuna kubzala. Tiwerenge masiku 50, ndipo tidzifunse kuti, “Kodi tsiku limeneli kudzakhala kotentha bwanji?” Tiwerengenso mpaka 110, ndipo tifunse kuti, “Kodi nthawi imeneyi mvula idzakhala italeka?” Mayankho awiriwa akakhala abwino, tsiku lobzala lapezeka.

Tiyese ndi mwezi wa Ogasiti. Tikabzala pa 15 Ogasiti, tsiku la 50 ndi 4 Okutobala. Aliyense akudziwa dzuwa la Okutobala. Ife tomwe tinagwa m'mbuna imeneyi chaka china. Madzi m'dimba analipo, mitengo tinazika yabwino, ndipo nyemba zinayanga mokongola mpaka anthu odutsa m'njira ankaima kuyang'ana. Maluwa anatuluka ambiri. Koma m'mawa uliwonse tinkapeza maluwawo ali mbwee pansi. Tinaonjeza kuthirira, osathandiza. Tinadya khwanya wokha-wokha, ndipo nyemba zimene tinakolola sizinabweze ngakhale mbeu. Nthaka inalibe mlandu. Tinalakwa ndife posawerenga masiku.

Mvula yoyamba

Mvula ya chizimalupsa isatinyenge. Imagwa tsiku limodzi, fumbi n'kugona, kenaka dzuwa n'kubwereranso masabata awiri kapena atatu. Nyemba imamera msanga, pa masiku 5 mpaka 8. Ikamera n'kupeza ng'amba, imapserera. Tidikire mvula yeni-yeni, imene kawiri-kawiri imakhazikika kumapeto kwa Novembala kapena mu Disembala. Tikumbe ndi khasu. Ngati chinyezi chalowa kuya kwa chikhatho chonse, ndiye kuti nthaka yakhuta.

Tikabzala pa 15 Disembala, maluwa adzayamba pa 3 Febuluwale, ndipo nyemba zidzauma cha pa 4 Epulo. Apa pali chinthu chimene ambiri sachiona. Nyemba zosayanga zobzalidwa tsiku lomwelo zimauma kumayambiriro kwa Malichi, mvula iri pakati. Zimakhudza dothi lonyowa, zimaola, zina zimamerera m'makoko momwemo. Zoyanga zimauma mvula ikupita kumapeto, ndiponso zimalendewera m'mwamba kumene mphepo imapita. Motero m'dzinja zoyanga ziri ndi mwai kuposa zinzake.

Koma walira mvula walira matope. Dzinja liri ndi matenda ake. Masamba amachita mawanga, ndipo zitheba zimachita zilonda zakuda zolowa m'kati. Matenda amenewa amayenda ndi madontho a mvula, ndiponso ndi manja ndi zovala zathu. Chifukwa chake tisalowe m'nyemba kukapalira kapena kukathyola pamene masamba ali onyowa. Tidikire mame aume. Matendawa amabisalanso m'mbeu. Nyemba ya banga kapena yokwinyika tisaibzale.

Ngati tikufuna kuti chimanga ndicho chikhale mtengo woyangirapo, tichipatse mpata chiyambe ndicho. Tibzale nyemba patapita masabata awiri chimanga chitamera. Tikabzala tsiku limodzi, nyemba ya mphamvu imachipitirira chimanga ndi kuchigwetsa.

Malichi, mwezi wa nyemba

Kwa ife okhala m'munsi mwa phiri la Tumbine ndi m'mitunda yozungulira, nthawi yoposa zonse ndi kuyambira kumapeto kwa Febuluwale mpaka kumapeto kwa Malichi. Tiwerengerenso. Tikabzala pa 1 Malichi, maluwa adzayamba pa 20 Epulo. Nthawi imeneyo mvula yaikulu yapita, koma nthaka ikadali ndi chinyezi. Dzuwa silipsa. Usiku kumazizira bwino. Tsiku la 110 ndi 19 Juni. Nyemba zimauma mwaukhondo, zosadetsedwa ndi matope, ndipo ndizo zimakhala mbeu yabwino ya chaka chamawa.

Nanga madzi a mu Meyi ndi Juni achokera kuti? Apa ndi pamene dziko lathu linadalitsika. Kumwera kwa tauni ya Milange kuli phiri la Chiperone, lotalika kupitirira mamita 2,000. M'nyengo yozizira mphepo ya mwera imabwera ndi chinyezi kuchokera ku nyanja ya mchere. Ikagunda mapiri imasanduka nkhungu ndi mvula yowaza, imene nthawi zina imatha masiku atatu kapena anai dzuwa osaoneka. Anzathu a ku Mulanje ndi ku Thyolo, mpaka ku Blantyre, amaitcha nyengo imeneyi chiperoni, potengera dzina la phiri lathuli. Mvula yowazayi ndi imene imasunga tiyi wa ku Mulanje ali wobiriwira m'chilimwe. Ndi yomweyonso imene imakhwimitsa nyemba za mu Malichi. Tikamadandaula kuti zovala sizikuuma pachingwe, tizikumbukira kuti nyemba zikumwa.

Makolo anazindikira zimenezi kale. Ku Thyolo, ku Mulanje ndi ku Chiradzulu kuli ulimi umene amautcha mbwera. Chimanga chikakhwima, mlimi amachotsa masamba ake a m'munsi, amagumula dothi la m'mbali mwa mizere, ndi kubzalamo nyemba, nsawawa kapena mbatata. Munda umodzi umabereka kawiri. M'kamunda ka ndiwo tikhoza kutsata nzeru yomweyo. Pamene tachotsa chimanga chachiwisi kapena maungu oyamba, mapesi amene aimirira ndi mitengo yoyangirapo yokonzeka kale.

Komabe Malichi wa masiku ano si wodalirika monga tinkamudziwira. Mu Malichi 2022 kunabwera namondwe Gombe. Mu Malichi 2023 namondwe Freddy analowera pafupi ndi Quelimane, ndipo mvula inagwa masiku angapo osaleka kuno kwathu, ku Mulanje ndi ku Phalombe. Minda inakokoloka, ndipo anthu ambiri anataya miyoyo. Chaka chotsatira zinthu zinatembenuka, pakuti mu Febuluwale 2024 kunachita ng'amba yoopsa. Palibe mlimi angaletse zoterezi. Chimene tingathe ndi ichi: mbeu yonse tisaiponye tsiku limodzi. Tiigawe patatu. Gawo loyamba tibzale kumapeto kwa Febuluwale, lachiwiri pakati pa Malichi, lachitatu tisunge m'nyumba kufikira titaona mmene zinzake zamerera. Tizimveranso za nyengo pa wailesi. Akalengeza kuti namondwe ali m'njira, mbeu idikire m'chitini. Sabata imodzi yochedwa siifanana ndi mbeu yonse yopita ndi madzi.

Tisaiwale kuti boma la Milange ndi lalikulu. Chiperoni safika pali ponse mofanana. Kuchigwa cha nyanja ya Chilwa, ndiponso kutsikira ndi mtsinje wa Ruo kulowera ku Chiromo, n'kotentha ndipo nthaka imauma msanga. Anzathu a kumeneko asachedwe mpaka kumapeto kwa Malichi, pokha-pokha ngati ali ndi madzi othirira. Kumalo otere nyemba zofulumira monga Kaulesi, kapenanso khobwe, zikhoza kuchita bwino kuposa zoyanga.

M'dimba

Dimba liri ndi kalendala yake-yake. Mu Malichi madimba ambiri amakhala akadali m'madzi. Tidikire madzi aphwe. Njira yoyesera ndi iyi. Titape dothi ndi kulifumbata. Likatuluka madzi kapena likamata ngati dothi loumbira mbiya, nthawi siinakwane. Likaumbika koma n'kumwazika tikalikhudza ndi chala, lakonzeka. Kawiri-kawiri zimenezi zimachitika mu Epulo kapena mu Meyi.

M'dimba tikhoza kubzala kuyambira pamenepo mpaka sabata yoyamba ya Julayi. Nyemba ya pa 1 Juni imachita maluwa cha pa 21 Julayi, ndipo imauma pakati pa Sepitembala, kutentha kusanafike pachimake. Ya pa 1 Julayi imayamba maluwa cha pa 20 Ogasiti. Apo ndiye pamalire. Kupitirira pamenepo tikupereka maluwa athu kwa dzuwa la Okutobala.

Mu Juni ndi Julayi mbeu imachedwa kumera chifukwa nthaka iri yozizira. Tisafulumire kufukula kapena kubzalanso. Tisathirirenso mopitiriza muyeso, chifukwa mbeu yokhala m'dothi lozizira ndi lonyowa kwambiri imaola. Madimba ena a m'zigwa amagwa chisanu choocha masamba usiku wopanda mitambo. Mwini dimba amadziwa ngati pake pamatero. Ngati pamatero, abzale msanga mu Epulo, kapena asankhe malo okwererako.

M'chilimwe mdani wamkulu ndi nsabwe za m'masamba. Zimaunjikana kunsonga, zakuda bii, ndipo zimafalitsa matenda opiringiza masamba. Tiziyendera dimba masiku onse. Mbeu imene yapinimbira ndi kupiringizika masamba tiizule msanga.

Nyemba sitiwokera

Ena amafunsa ngati n'koyenera kufesa nyemba pa nazale ndi kuziwokera monga timachitira ndi matimati kapena kabichi. Iyai. Mizu ya nyemba ndi yosalimba. Ikadukaduka, mbeuyo imaima masiku ambiri osakula, ndipo ina imafa. Nyemba timabzala pamalo pomwe idzakhalire.

Nzeru yowokera inachokera ku maiko ozizira. Ku England, mwachitsanzo, chisanu chimaundanitsa madzi ndipo chimapha nyemba usiku umodzi. Anthu a kumeneko amabzala m'timiphika m'nyumba, ndi kudzatulutsa mbeuzo kumapeto kwa Meyi kapena mu Juni chisanu chitatha. Iwo akuthawa chisanu. Ife tikuthawa dzuwa ndi madzi. N'chifukwa chake tiyenera kusamala ndi timapaketi ta mbeu togula m'sitolo. Tambiri timachokera ku South Africa kapena kutali, ndipo miyezi yolembedwa kuseri kwake ndi ya kumeneko. Tiwerenge zimene alemba za kuya kwa phando ndi masiku okhwimira. Koma mwezi wobzala tiupeze tokha pa kalendala yathu. Tikakayika, tifunse alangizi a zaulimi a m'dera lathu.

Mitengo iyambe, mbeu itsatire

Nthawi yobzala siikwana ngati mitengo yoyangirapo siinapezeke. Patapita masabata awiri kapena atatu chimerere, nyemba imatulutsa kansonga kofuna pogwira. Ikasowa pogwira imakwawa pansi, imakolana ndi inzake, ndipo phindu lonse la kuyanga latha. Kuzika mitengo mochedwa kumadulanso mizu. M'kamunda kakang'ono ndi bwino kuzika mitengo poyamba, ndi kubzala m'tsinde mwake.

Mtengo ukhale wa mamita 2 kapena kuposerapo pang'ono. Pa bedi lotalika mamita 10 tipange mizere iwiri yotalikirana masentimita 60. Pa mzere uliwonse tizike mitengo motalikirana masentimita 50. Ndiye kuti mzere umodzi ufuna mitengo pafupi-fupi 20, bedi lonse 40. Tiweramitse mitengo iwiri-iwiri kuti ikumane pamwamba, timange ndi luzi, ndipo tigoneke nsungwi yaitali pamwamba pake monga mtanda wa denga. Tikatero mwera sungagwetse.

Nanga mitengo 40 tiitenga kuti? Apa tiyenera kunena mosabisa. Tisakwere phiri kukadula timitengo tating'ono. Akulu-akulu a m'tauni ya Milange sanaiwale napolo amene anatsika m'phiri la Tumbine mu Januwale 1998 ndi kukokolola nyumba pamodzi ndi anthu. Phiri lopanda mitengo siligwira dothi. Zoyangirapo ziripo pafupi. Nsungwi ndiyo yoposa zonse, ndipo tikaisunga pouma, kutali ndi chiswe, imagwira ntchito zaka ziwiri kapena zitatu. Kuno timalima nandolo wambiri, ndipo mitengo yake tikakolola tisaisonkhezere yonse pamoto. Bango ndi mapesi olimba nazonso zimathandiza. Mitengo ikachepa, tizike nsichi ziwiri zolimba, tigoneke nsungwi pamwamba, ndi kulendeweza zingwe za khonje kapena luzi. Nyemba imakwera chingwe monga imakwerera mtengo.

Tsiku lobzala

Kutatsala masiku 10 kuti tibzale, tiyese mbeu. Titenge nyemba 10 ndi kuzibzala m'kachitini ka mchenga wonyowa. Zikamera 8 kapena kupitirira, mbeu iri bwino. Zikamera 5, tidziwiretu kuti pafunika kuonjeza mbeu pa phando kapena kufuna ina. Nyemba zoboola ndi anankafumbwe tizichotse.

Bedi likhale lokwera, makamaka m'dzinja ndi mu Malichi, kuti madzi asaime. Tisakanize manyowa oola bwino ndi dothi. Manyowa aawisi amaocha mbeu. Feteleza wobereketsa chimanga tisathire wambiri, chifukwa nyemba imangochita masamba. Tikazula nyemba yathanzi tidzaona timaphundu m'mizu yake. Si matenda. M'menemo muli tizilombo tosaoneka ndi maso timene timatenga chakudya cha mbeu mumpweya ndi kuchipereka kwa nyembayo. Pamalo pamene panali nyemba nyengo yathayi tisabwerezepo nyemba. Tibzalepo chimanga, kabichi kapena mpiru, ndipo nyemba zipite bedi lina.

M'tsinde mwa mtengo uliwonse tibzale nyemba ziwiri kapena zitatu. Phando likhale lakuya masentimita 3 mpaka 5, ndiko kuti mfundo ziwiri za chala. M'dothi la makande tisapitirire pamenepo.

Masabata atatu oyamba ndiwo oopsa. Pali kantchentche kakang'ono kakuda kamene kamaikira mazira m'masamba oyamba. Mphutsi yake imayenda m'kati mwa tsinde kutsikira pansi. Tsinde limatupa ndi kung'aluka pafupi ndi dothi, ndipo mbeu imafota ngati yasowa madzi. Alimi ambiri amati ndi dzuwa. Koma tikang'amba tsindelo ndi chikhadabo timapezamo kamphutsi kapena kachikwa kofiirira. Kantchentche kameneka kamachuluka pamene nyengo ikupita, chotero nyemba za mu Malichi ndi za m'dimba zimavutika nako kuposa za mvula yoyamba. Kamapweteka kwambiri mbeu yofooka ya m'dothi louma ndi loguga. Mankhwala ake oyamba ndi khasu. Patapita masabata awiri chimerere, tikwezere dothi m'tsinde mwa mbeu iriyonse. Tsinde lokwiriridwa limatulutsa mizu yatsopano pamwamba pa bala, ndipo mbeu imapulumuka. Tiphimbirenso bedi ndi udzu wouma kuti chinyezi chisathawe. Ndipo ngati anzathu oyandikana nafe anabzala kale mwezi wathunthu, tichenjere kwambiri, chifukwa ntchentche zoswedwa m'munda mwao zidzatera m'mwathu. Ndi bwino anthu a dambo limodzi kupangana sabata yobzala.

Khwanya tingayambe kuthyola nyemba zikafika pakati pa mtengo. Tizitapa masamba ochepa a m'munsi pa mbeu iriyonse, osati kukungudza. Zitheba zimayamba patapita masabata awiri kapena atatu maluwa atatuluka. Tikamathyola zitheba kawiri pa sabata, mbeu imapitiriza kuchita maluwa. Koma mzere umene tikufuna kutengapo mbeu ya chaka chamawa tiumangirire kansanza kumtengo woyamba, ndipo ana onse auzidwe kuti pamenepo sathyolapo.